Kodi Covid-19 inaposadi chimfine cha mu 1918 pa kupha anthu?

Mphunzitsi_wa_Mbiri:
Abale ndi alongo, ndikupempha kuti amene amadziwa bwino za ziwerengero andithandize. M'mwezi wa Seputembala 2021 nyumba zofalitsa nkhani zinalengeza kuti ku America anthu omwalira ndi Covid-19 aposa 675,000, chimene ndi chiwerengero cha anthu amene anafa ndi chimfine cha mu 1918 m'dzikolo. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikumva ena akunena kuti Covid-19 ndiwo mliri woopsa koposa yonse, pamene ena akuti chinali chimfine wamba chimene chinangokokomezedwa. Mbali zonse ziwiri zimatchula manambala, ndipo zonse zimalankhula motsimikiza. Kodi imfa za miliri iwiri yotalikirana zaka 100 tingaziyerekezere motani popanda kunamiza ana asukulu?

WaZiwerengero:
A Mphunzitsi, zimene zinalengezedwazo n'zoona, koma zinanenedwa mosamaliza. Mu 1918 dziko la America linali ndi anthu pafupifupi 103 miliyoni, pamene m'nthawi ya Covid-19 linali ndi anthu pafupifupi 330 miliyoni. Anthu 675,000 pa 103 miliyoni ndiye kuti munthu mmodzi mwa anthu 150 alionse anamwalira. Covid-19 inapha anthu oposa 1.1 miliyoni kumeneko, kutanthauza munthu mmodzi mwa anthu 300. Choncho maliro anachuluka m'nthawi yathu ino, koma chimfine cha mu 1918 chinachotsa gawo lalikulu kawiri la mtunduwo, ndipo chinatero mofulumira, pakuti ambiri anafa m'miyezi yomalizira ya chaka chimenecho.

Pa dziko lonse kusiyanaku n'kwakukulu kwambiri. Mu 1918 anthu onse analipo pafupifupi 1.8 biliyoni, ndipo chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri cha omwalira ndi 50 miliyoni, amene ndi munthu mmodzi mwa anthu 36. Mu 2020 tinalipo 7.8 biliyoni, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'zaka za 2020 ndi 2021 mliriwu unatenga anthu pafupifupi 15 miliyoni, amene ndi munthu mmodzi mwa anthu oposa 500. Covid-19 ikanapha pa mlingo wa mu 1918, tikanaika m'manda anthu oposa 200 miliyoni.

Chitedze:
A WaZiwerengero, mukuwerengera ngati kuti alipo amene anawerenga mitembo 50 miliyoniyo. Mu 1918 nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali mkati, ndipo maiko ambiri a mu Africa ndi Asia anali m'manja mwa atsamunda amene analibe kaundula wa imfa za eni nthaka. Nambala imeneyo inachokera kuti?

WaZiwerengero:
Funso lanu n'loyenera, a Chitedze. Chiwerengerocho chinapezeka pambuyo pake, pamene akatswiri a mbiri anatenga malo amene anali ndi kaundula wodalirika, nayerekezera kalembera wa anthu wa zaka za m'mbuyo ndi wa zaka zotsatira, n'kuona kuchuluka kwa anthu amene anasowa. N'chifukwa chake akatswiriwo sagwirizana: ena amati 17 miliyoni, ena 50 miliyoni, ndipo ena amafika pa 100 miliyoni. Koma taonani kuti ngakhale titatenga chiwerengero chochepetsetsa cha 17 miliyoni, chimenecho ndi pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 100, ndipo chikuposabe Covid-19 pafupifupi kasanu.

Chimene ndikufuna kuti tisachiiwale n'chakuti vuto la kawerengedwe silinathere mu 1918. Imfa za Covid-19 zimene maboma anapereka ku WHO ndi pafupifupi 7 miliyoni, pamene chiwerengero cha 15 miliyoni chija chinapezeka pofunsa funso lina: kodi m'zaka ziwirizo kunamwalira anthu angati kuposa amene amamwalira m'zaka zopanda mliri? Dziko la India linali litalengeza imfa zosakwana 500,000 pofika kumapeto kwa 2021, koma WHO inati imfa zoonjezekera kumeneko zinali pafupifupi 4.7 miliyoni, ndipo boma la India linakana chiwerengerocho. Dziko la Peru linaunikanso lokha mabuku ake mu 2021, ndipo chiwerengero chake chinachoka pa anthu pafupifupi 69,000 n'kufika pa 180,000 tsiku limodzi. Munthu amene atenga chiwerengero chongoyerekeza cha mu 1918 n'kuchiika pambali pa chiwerengero cha oyezedwa okha cha Covid-19, akuyerekezera zinthu ziwiri zosiyana.

Wa_ku_Joni:
Ndiloleni ndipereke chitsanzo cha dziko limene ambiri a ife tikukhala kapena tili ndi abale. Ku South Africa chimfine chinalowa kwambiri kudzera pa doko la Cape Town m'mwezi wa Seputembala 1918, pamene sitima ziwiri zapamadzi, Jaroslav ndi Veronej, zinabweretsa anthu akuda amene anakagwira ntchito kunkhondo ku Ulaya. Sitimazo zinaima pa Freetown ku Sierra Leone, kumene matenda anali atafala kale. Anthuwo atatsika anakwezedwa sitima zapamtunda kupita kumakwawo, ndipo njanji yomweyo inamwaza matendawo m'dziko lonse. M'masabata ochepa chabe, makamaka mu Okutobala, anthu pafupifupi 300,000 anamwalira, m'dziko limene linali ndi anthu osakwana 7 miliyoni.

Pa Covid-19, boma la South Africa linalengeza imfa zoposa pang'ono 100,000, koma bungwe lofufuza za umoyo la South African Medical Research Council linapeza imfa zoonjezekera pafupifupi 300,000. Nambala ndi yofanana ndi ya mu 1918, koma anthu a m'dzikolo tsopano ndi pafupifupi 60 miliyoni, ndipo imfazo zinamwazikana m'zaka ziwiri kapena zitatu. Chimfine chija sichinathere ku South Africa. Chinakwera kumigodi ya ku Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero), kumene makolo athu ambiri ankagwira ntchito, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho chinali chitafika ku Nyasaland, kumene anthu anali atafooka kale ndi ntchito ya mtengatenga ya nthawi ya nkhondo.

Namwino_Wopuma:
Ana anga, masamu anu sindikuwatsutsa, koma ndikuopa kuti wina awerenga zimenezi n'kunena kuti Covid-19 sinali kanthu. Musaiwale kuti anthu a mu 1918 analibe chilichonse chodzitetezera. Kachilombo ka chimfine cha anthu kanadzapezeka mu 1933, patapita zaka 15. Penicillin anatulukiridwa mu 1928, ndipo anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zipatala m'zaka za m'ma 1940. Ambiri mwa amene anafa mu 1918 anamalizidwa ndi chibayo cha mabakiteriya chimene chinkabwera pamwamba pa chimfinecho, chibayo chimene lero timachiza ndi mankhwala a masiku ochepa. Kunalibe katemera, kunalibe makina othandiza kupuma, ndipo madokotala ndi anamwino ambiri anali kunkhondo.

Covid-19 inapha anthu mamiliyoni ngakhale kuti tinali ndi okosijeni, zipinda za odwala mwakayakaya, mankhwala a dexamethasone, ndiponso katemera amene anayamba kubayidwa chaka chisanathe. Choncho mukamayerekezera ziwerengero, dziwani kuti simukuyerekezera mphamvu za tizilombo tiwiri tokha. Mukuyerekezeranso zipatala za nthawi ziwiri.

Chitedze:
Mayi, ulemu wanu, koma kuno kwathu ku Malawi boma linalengeza imfa zosakwana 2,700 m'nthawi yonse ya mliriwu, m'dziko la anthu pafupifupi 20 miliyoni. Ngakhale kubindikiritsa anthu kumene kunalengezedwa mu Epulo 2020 kunaletsedwa ndi khoti, ndipo misika sinatsekedwe. Ngati matendawa anali oopsa chotero, bwanji sitinathe?

Namwino_Wopuma:
Mwana wanga, kumbukirani Januwale 2021. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo m'masiku otsatira bwalo la masewera la Bingu linasandutsidwa malo ogonekako odwala. Amene tinali ndi abale m'chipatala mwezi umenewo tikudziwa mmene silinda ya okosijeni inkasowera. Awo 2,700 amene anawerengedwa ndi amene anafika kuchipatala n'kuyezedwa.

WaZiwerengero:
Ndionjezere pa mawu a mayiwa. Ku Lusaka akatswiri anayeza mitembo m'nyumba ya chisoni ya chipatala cha University Teaching Hospital pakati pa chaka cha 2020. Mwa mitembo 364 imene anayeza, 70 inapezeka ndi kachilomboka, ndipo ambiri mwa anthuwo anamwalirira kunyumba asanayezedwepo, motero sanalowe m'chiwerengero cha boma. Sindikunena kuti zimene zinapezeka ku Lusaka tizikopere ku Malawi monga zilili, koma zikusonyeza kukula kwa mpata umene umakhalapo pakati pa omwalira ndi olembedwa. Kwathu imfa zambiri zimachitikira kumudzi, mfumu imadziwitsidwa, adzukulu amakumba manda, ndipo palibe chiphaso cha imfa chimene chimalembedwa. Dziko limene sililemba imfa zake m'zaka zamtendere silingadziwe kuchuluka kwa imfa zoonjezekera pa nthawi ya mliri, chifukwa lilibe poyambira.

Mlimi_wa_ku_Dowa:
Pamenepo ndiye sindikugwirizana nanu kwathunthu, achimwene. Kumudzi imfa sibisika. Uthenga wa maliro umafika mudzi uliwonse woyandikana, ndipo aliyense amapita kukakhuza. Kukanakhala kuti anthu ankafa mwaunyinji m'midzi yathu, tikanaona ndi maso athu, monga mmene tinaonera m'zaka za Edzi pamene adzukulu ankakumba manda sabata iliyonse. M'dera lathu zimenezo sizinachitike mu 2020 kapena mu 2021. Tinataya okalamba angapo, ndipo ena mwa iwo ankadandaula za chifuwa ndi kubanika, koma mudzi sunagwedezeke.

WaZiwerengero:
Bambo, zimene mwaonazo ndikuzikhulupirira, ndipo sizikutsutsana ndi zimene ndanena. Mudzi umene umaika anthu khumi pa chaka ukaika khumi ndi awiri, palibe amene amadabwa, makamaka ngati awiri oonjezerawo ndi okalamba. Koma kuonjezeka komweko kukachitika m'midzi yonse ya dziko, kumapanga anthu masauzande ambiri. Maso a pamudzi amatha kuona mliri wonga wa mu 1918 kapena wa Edzi, koma sangathe kuona wocheperapo.

Palinso chifukwa chenicheni chimene chinatiteteza, ndicho msinkhu wa anthu athu. Theka la Amalawi ndi a zaka zosapitirira 18 kapena pamenepo, pamene ku Italy theka la anthu ndi a zaka zoposa 45. Covid-19 inkapha kwambiri okalamba ndi odwala matenda monga shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo chiopsezo chinkakwera kwambiri pa zaka khumi zilizonse za msinkhu. Dziko la ana ndi achinyamata liyenera kukhala ndi imfa zochepa ngakhale kachilomboko katafala mofanana. Choncho zonse ziwiri n'zoona: tinamwalira ochepa poyerekeza ndi Ulaya, ndiponso tinamwalira ambiri kuposa 2,700.

Mphunzitsi_wa_Mbiri:
Nkhani ya msinkhuyi ikundikhudza. Kodi chimfine cha mu 1918 nachonso chinkasankha okalamba?

Wa_ku_Joni:
Ayi, a Mphunzitsi, ndipo apa ndi pamene chinasiyanira ndi chimfine cha masiku onse. Chimfine wamba chimapha makanda ndi okalamba, koma cha mu 1918 chinaphanso kwambiri anthu a zaka zapakati pa 20 ndi 40, ndipo amayi oyembekezera anali pa chiopsezo chachikulu. Amenewa ndi anthu olima, ogwira ntchito m'migodi, olera ana. Ku America zaka zimene munthu amayembekezeka kukhala ndi moyo zinatsika ndi pafupifupi 12 m'chaka chimodzi cha 1918, pamene Covid-19 inazitsitsa ndi zaka ziwiri ndi theka kapena kucheperapo pang'ono. N'chifukwa chake akatswiri ena sawerenga mitembo yokha, koma amawerenga zaka za moyo zimene zinatayika, ndipo pa muyeso umenewo mliri wa mu 1918 umaposa kutali kwambiri.

Nachisale_wa_ku_Zomba:
Achimwene, muyeso umenewo ukundivuta mumtima. Ukumveka ngati ukunena kuti imfa ya agogo ndi yopepuka. M'mabanja ambiri kwathu kuno agogo ndi amene analera ana amasiye a nthawi ya Edzi, ndipo ena akulerabe zidzukulu zimene makolo awo ali ku Joni. Mayi anga aakulu anamwalira mu Julayi 2021 ali ndi zaka za m'ma 70, ndipo ana anayi amene ankawasunga anagawidwa kwa achibale m'maboma osiyana. Pa kawerengedwe ka zaka, imfa yawo ndi yaing'ono. Pa banja lathu, inapasula nyumba yonse.

Wa_ku_Joni:
Pepani kwambiri, achemwali, ndipo mawu anu ndawamva. Muyesowo suyeza kufunika kwa munthu. Umathandiza boma kudziwa amene ayenera kuyamba kulandira katemera ndiponso kumene ana amasiye adzachuluke. Koma mwanena zoona kuti unapangidwa poganizira maiko amene okalamba salera ana, ndipo ukagwiritsidwa ntchito kwathu mosasamala ungabise zambiri.

Mlimi_wa_ku_Dowa:
Popeza Edzi yatchulidwa kangapo, ndifunse chifukwa chake tikukangana za 1918 ndi 2020 ngati kuti pakati pake panalibe mliri. Kwa ife a kuno, mliri umene tinauona ukupulula mtundu ndi umenewo.

Namwino_Wopuma:
Mwalasa, bambo. Kuyambira pamene Edzi inadziwika mu 1981, yapha anthu oposa 40 miliyoni padziko lonse, ndipo ambiri mwa iwo ndi a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Pamene inafika pachimake, cha m'ma 2004, inkapha anthu pafupifupi 2 miliyoni pa chaka. Ku Malawi wodwala woyamba anapezeka mu 1985, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 munthu mmodzi mwa akuluakulu asanu ndi awiri alionse anali ndi kachilomboka. Zaka zimene Mmalawi ankayembekezeka kukhala ndi moyo zinali m'ma 40. Ine ndinagwira ntchito m'mawodi m'zaka zimenezo, ndipo odwala ankagona pansi pakati pa mabedi, ambiri a iwo aphunzitsi, asilikali, makalaliki ndi anamwino anzathu, anthu a msinkhu womwewo umene chimfine cha mu 1918 chinkatenga.

Chimene chimachititsa kuti Edzi iiwalike poyerekezera miliri n'chakuti imapha pang'onopang'ono. Chimfine chija chinatenga anthu ake m'miyezi, Covid-19 m'zaka zitatu, pamene Edzi yatenga zaka zoposa 40 ndipo sinathe, pakuti mu 2023 inaphabe anthu pafupifupi 630,000. Mukawerenga imfa pa sabata, Edzi imaoneka yaing'ono. Mukawerenga pa m'badwo wonse wa dziko ngati lathu, palibe mliri wa masiku ano umene ungafanane nayo. Zinthu zinayamba kusintha pamene ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, ndipo lero zaka za moyo wa Mmalawi zapitirira 60. Kachilombo ndi komweko. Chimene chinasintha chiwerengero cha imfa ndi mankhwala kufika kwa anthu.

Chitedze:
Nanga Ebola? Ine ndinkayesa kuti ndiyo yoopsa kuposa zonse, chifukwa amati ukaitenga mwayi wochira ndi wochepa.

WaZiwerengero:
Apa pali miyeso iwiri imene anthu amaisokoneza kawirikawiri, a Chitedze. Woyamba ndi wakuti, mwa anthu amene adwala, ndi angati amamwalira. Wachiwiri ndi wakuti, mwa anthu onse a m'dziko, odwala ndi osadwala omwe, ndi angati amamwalira. Ebola ya ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone ya mu 2014 mpaka 2016 inagwira anthu pafupifupi 28,600 ndipo inapha oposa 11,300, kutanthauza anthu anayi mwa odwala khumi alionse. Matenda a SARS a mu 2002 ndi 2003 anagwira anthu pafupifupi 8,000 n'kupha 774, pafupifupi mmodzi mwa khumi. Pa muyeso woyamba onsewa amaposa Covid-19 kutali. Koma Ebola imafala pokhudza madzi a m'thupi la wodwala kapena mtembo, ndipo munthu amapatsira ena akayamba kuonetsa zizindikiro, motero n'kotheka kumupatula. Covid-19 inkafala mumpweya kuchokera kwa anthu ooneka athanzi, ndipo inagwira anthu mabiliyoni. Gawo laling'ono la gulu lalikulu chotero limaposa gawo lalikulu la anthu 28,600.

Mliri umene unaphatikiza zonse ziwiri, kupha kwambiri ndi kufala kwambiri, ndi wa makoswe wa ku Ulaya wa mu 1347 mpaka 1351, umene unapha pakati pa gawo limodzi mwa magawo atatu ndi theka la anthu onse a kumeneko. Bakiteriya wake, amene amafala kudzera mu nthata, anadzapezeka mu 1894 ndi Alexandre Yersin ku Hong Kong. Matendawa akadalipo: mu 2017 anabuka ku Madagascar n'kugwira anthu oposa 2,000, ndipo anapha pafupifupi 200, chifukwa tsopano amachizika ndi mankhwala akapezeka msanga.

Wa_ku_Joni:
Ndionjezere chinthu chimodzi chimene chiwerengero cha dziko lonse chimabisa, ndicho kusiyana kwa malo ndi malo mkati mwa mliri umodzi. Mu Novembala 1918 sitima yotchedwa Talune inafika pa Apia, ku Western Samoa, ili ndi odwala, ndipo akuluakulu a ku New Zealand amene ankalamulira zilumbazo anailola kukocheza. M'miyezi iwiri, munthu mmodzi mwa anthu asanu alionse a kumeneko anali atamwalira. Pafupi pomwepo, ku American Samoa, bwanamkubwa John Martin Poyer anatseka madoko, ndipo palibe amene anafa ndi chimfinecho. Ku Brevig Mission, kamudzi ka ku Alaska, anthu 72 mwa anthu pafupifupi 80 anamwalira m'masiku asanu. Tikamanena kuti mmodzi mwa 36, tikuphatikiza pamodzi malo amene sanataye munthu ndi malo amene anatsala mabwinja.

Nachisale_wa_ku_Zomba:
Ngati zili choncho, kolera wathu wa mu 2022 tingamuike pati? Iye uja anabwera Covid-19 isanathe n'komwe, ndipo kuno kum'mwera anatiopsa kuposa Covid-19.

Namwino_Wopuma:
Kolera ameneyo anayambira ku Machinga mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe wa Ana, ndipo anafalikira m'maboma onse. Anagwira anthu pafupifupi 59,000 ndipo anapha oposa 1,700, kotero ndiye kolera woopsa koposa amene dziko lathu lalembapo. Pa chiwerengero cha olembedwa, imfa zake n'zocheperapo kuposa za Covid-19. Koma nambala imene ife a zaumoyo timaiyang'ana ndi ina: pafupifupi atatu mwa odwala 100 alionse anamwalira, pamene bungwe la WHO limati kumene chithandizo chikufika bwino, omwalira sayenera kukwana mmodzi mwa 100. Kolera amapha pomaliza madzi m'thupi, nthawi zina m'maola ochepa, ndipo mankhwala ake aakulu ndi thanzi ORS ndi madzi a dripi. Kusiyana kwa mmodzi ndi atatu kumachokera pa kutalika kwa ulendo wopita kuchipatala, pa kuchedwa kunyamuka kunyumba, ndiponso pa kupezeka kwa dripi wodwalayo akafika. Mwa anthu 1,700 aja, oposa 1,000 akanakhala ndi moyo lero tikanafika pa mlingo wa WHO.